Shafiti Yoyezedwa Ikadali Yotentha

Lachitatu pa 12 Juni, nthawi ili 8:15 m'mawa, bambo anga anatenga shafiti yathu, ndodo yachitsulo yozunguza magiya, n'kuilowetsa mu beringi, mphete yachitsulo imene imayenera kuigwira. Inangodutsa yokha n'kukagunda patebulo. Sinkayenera kutero. Shafiti yabwino imakana, imalowa mochita kukankhidwa ndi makina, ikalowa osasunthanso. Yathu inalowa ngati supuni m'kapu.

Ophunzira a chaka chachinayi tinalipo 18 mu wekishopu, ndipo tonse tinamva kugundako.

Bambo ndiwo mkulu wa amisiri mu wekishopu ya koleji yathu. Agwiramo ntchito zaka 26. Ophunzira amawatcha a Zimitsa, chifukwa ndiwo mawu amene amayamba kutuluka pakamwa pawo akaona munthu wayandikira makina asanapisire malaya. Ine kunyumba ndimati Bambo. Mu wekishopu ndimati a mkulu, ngati wina aliyense.

Anatenga maikuromita, kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo, n'kuyeza katatu.

"39.98," anatero. "Pulani ikuti chiyani?"

Ankafunsa ine, chifukwa wojambula pulaniyo ndinali ine.

"40.01, a mkulu."

"Nanga atatu enawo apita kuti? Adya makoswe?"

Ena anaseka. Chimene chinasowa chinali 0.03 ya milimita, chosakwana ngakhale theka la kunenepa kwa tsitsi limodzi. Koma m'maphunziro athu a kulinganiza ndi kupanga makina, kachinthu kameneko n'kokwanira kupha ntchito ya miyezi isanu. Bokosi la magiya limene tinkapanga, la makina okwezera katundu, silikanazungulira popanda shafiti imeneyo.

Bambo sanandiyang'anenso. Anatembenukira kwa mnzanga wa pulojekiti, amene aliyense amamutcha Wamanzere. Ndi chibwenzi changa kwa miyezi 14 tsopano. Bambo akudziwa, ndipo sakufuna.

"Iwe wakugalaja. Unayeza chitsulo chikadali chotentha."

Wamanzere anayang'ana shafiti patebulopo.

"Chaka choyamba, sabata yachiwiri, ndimaphunzitsa chiyani?"

"Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera."

"Kweza mawu, a chaka choyamba amve ali m'kalasi mwawo momwemo."

"Tikhoza kuigogoda ndi nsonga ya ponchi kuzungulira kuti itupe pang'ono, a mkulu. Igwira."

"Igwira! Mwamva nonse? Igwira. Kuno si kugalaja kwa amalume ako, kumene galimoto imachoka ndi matenda atsopano. Kuno timapanga mainjiniya."

Gulu lililonse limapatsidwa chitsulo chimodzi chokha cha mtundu umenewo. Kuitanitsa china kumatenga masabata sikisi, pomwe oyesa mayeso ankabwera pa 24 Juni. Lamulo la koleji ndi lakuti pulojekiti ikawonongeka chifukwa cha kusasamala, wolakwayo amabwereza chaka. Wamanzere anabwereza kale chaka chachiwiri, nthawi imene ankadwazika mayi ake, ndipo palibe amaloledwa kubwereza kawiri. Kwa iye kupezeka wolakwa kunali kuchotsedwa, kutatsala masabata asanu kuti amalize.

"Komiti ikhala Lachisanu, 10 koloko," anatero Bambo. "Zimitsani makina onse."

Ine ndinapinda pulani yanga, n'kutuluka pamodzi ndi anzanga onse.

* * *

Zimene zinachitika dzulo lake, Lachiwiri pa 11 Juni, ndi izi.

Tinalowa mu wekishopu 2 koloko masana. Chiyambire Januwale tinagawana ntchito: ine kujambula ndi kuyeza, iye kuyendetsa makina opalira zitsulo. M'kalasi mwathu mulibe wa manja ngati ake. Anakulira m'galaja ya amalume ake, ndipo amadziwa ndi khutu kuti mpeni wa makina wabuntha.

Nthawi ili 3:20, madzi oziziritsa chitsulo anatha m'thanki. Bambo anapita kosungira katundu kukatenga mafuta osakaniza ndi madziwo. Lamulo limati mmisiri akatuluka, makina onse aime. Tsiku limenelo anatuluka mofulumira osanena mawu awo aja, ndipo ife sitinawakumbutse.

Nthawi ili 3:35, foni ya Wamanzere inawala patebulo, pambali pa pulani yanga. Sindinaitsegule. Uthenga unaonekera wokha: "Kalikuleta yako unaiwala kuchipinda kwanga dzulo. Ubwere udzatenge wekha, sindituma munthu."

Unachokera kwa mtsikana amene amatsogolera kalasi yathu, amene timamutcha Kapitawo. Anali pa makina oyandikana ndi athu, mamita awiri okha, akunamizira kupukuta zitsulo zake. Akanatha kunena pakamwa.

"Dzulo unati uli ku laibulale," ndinatero.

"Ndinali ku laibulale. Kenako anandipempha ndimuonetse masamu a magiya. Tinalipo anayi."

"Anayi onsewo anaiwala makalikuleta?"

"Injiniya, makina akuzungulira. Tikakambe panja."

Amanditcha Injiniya akafuna kundiseketsa. Tsiku limenelo sizinagwire.

Anaimitsa makina. Shafiti inali yotentha moti mafuta a pamwamba pake ankafuka kautsi. Ndinatenga maikuromita.

"Isiye izizire," anatero. "Mphindi makumi awiri."

"Ndilibe mphindi makumi awiri. Ndikufuna timalize ndizipita, nawe upite ukatenge katundu wako."

Ndinayeza. Ndinawerenga 40.04.

"Chotsako atatu."

"Ndati yatentha."

"Woyeza ndani pagulu lino?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana shafiti. "Chabwino, bwana," anatero, n'kuyatsa makina. Anapala ndendende atatu amene ndinanena.

Masamu ake ndinawachita mawa lakelo, nditamva kugunda kuja. Chitsulo cha mamilimita 40 chikatentha ndi madigiri 60 kuposa mpweya wa m'chipinda chimafutukuka ndi pafupifupi 0.03. Ndiye kuti pamene ndinkawerenga 40.04, shafitiyo inali kale pa 40.01. Inali itatha, ili bwinobwino. Ndinalamula kuti aiwononge.

Bambo anabwerera 3:50. Sanaone chilichonse.

* * *

Lachitatu lomwelo masana ndinamupeza Wamanzere atakhala pa masitepe a kuseri kwa laibulale, ovolosi ataivula mpaka m'chiuno.

"Bwanji sunanene?" ndinamufunsa.

"Nanga iwe bwanji sunanene? Pakamwa pako panapita kutchuthi?"

"Ndinachita mantha."

"Ine ndinachita ulemu. Zonse ziwiri n'zopanda ntchito."

Ndinakhala sitepe imodzi pansi pake. Sanasunthe kuti andipatse malo.

"Ndikanena Lachisanu," ndinatero.

"Usayerekeze."

"Ine sindinabwerezepo. Ndibwereza chaka chimodzi, iwe umaliza. Masamu ake ndi osavuta."

"Kwa iwe zonse ndi masamu. Ukanena, bambo ako adzati ndakunyengerera. Panopa amangonditcha wakugalaja. Ukatero adzanditcha wakuba. Ndiponso anapala ndani? Dzanja linali langa. Ndinkadziwa kuti yatentha, ndinapala dala kuti uone."

"Kuti ndione chiyani?"

"Kuti sumadziwa zonse."

"Ndaona. Tsopano ndilole ndikonze."

"Kuti ndidzakhale injiniya wa chifundo chako? Tikangokangana pang'ono uzidzati, digiri imeneyo ndinakupatsa ndine? Ayi, zikomo. Bola ndikagone pansi pa magalimoto."

Panadutsa ophunzira awiri a chaka chachiwiri. Anatiyang'ana, n'kufulumira.

"Kalikuleta unakatenga?" ndinafunsa.

Anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Zaka zanga zisanu zikupsa, iwe ukadali pa kalikuleta?"

"Unakatenga?"

"Ndinakatenga."

"Wekha?"

"Ayi, ndinapita ndi apolisi awiri ndi wojambula zithunzi. Ukufuna lipoti lawo?"

Anaimirira, n'kumanga manja a ovolosi m'chiuno. "Tamvera. Lachisanu ukakhale chete monga unachitira lero. Umatha bwino zimenezo."

Anatsika masitepe osacheuka.

* * *

Lachinayi pa 13 Juni, 9 koloko, ndinali ndekha m'chipinda cha makompyuta ojambulira mapulani. Kapitawo analowa ndi makiyi ake ndi buku lolemba ojomba. Amavala dasikoti, jasi la mu wekishopu, yosita bwino ngakhale tsiku lopanda wekishopu. Mipando yopanda anthu inalipo makumi atatu. Anasankha wapambali panga.

"Mwana wa bwana, wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka."

"Ine anthu ena mwayi wawo umandidabwitsa. Ayeza okha, alakwitsa okha, koma wolongedza katundu ndi wina."

Ndinasiya kulemba. "Unaona."

"Ndinali pa mamita awiri. Ndinaona utsi. Ndinaona maikuromita ili m'manja mwa ndani. Ndinaonanso wotchi pamene a Zimitsa ankatuluka ndi pamene ankabwerera. Ndine kapitawo, mwana wa bwana. Kuona ndiyo ntchito yanga."

"Ndiye kanene."

"Wandifunsa ndani?"

Anatsegula buku lake n'kuyamba kuchonga mayina, ngati tikukamba za nyengo.

"Lipoti la bambo ako ndinakapereka ndine ku ofesi dzulo 2 koloko," anatero. "Envelopu inali yosamata. Amalemba bwino akuluakulu aja. 'Ndinaona ndi maso anga wophunzirayu akuyeza chitsulo chisanazizire.' Ndi maso awo! Maso amphamvu zedi, oona kudutsa makoma atatu."

 Ndinkaganiza kuti Bambo angolemba zimene akuganiza. Sindinkadziwa kuti alemba kuti anaona.

"Uthenga uja unatumiza dala," ndinatero.

"Ndinatumiza kwa mwini foni. Kuwerenga mauthenga a eni ake ndi phunziro la chaka chanji? Ine ndinajomba tsiku limenelo."

"Ukufuna chiyani kwa iye?"

Anatseka buku. "Chaka chachitatu mnyamata uja anali mnzanga wa pulojekiti. Mawerengero onse tinkachitira limodzi. Tinapeza malikisi 78. Kenako unabwera iwe ndi timagalasi tako, n'kumutenga ngati ukutenga sipanala m'bokosi la bambo ako. Mwapeza zingati? 39.98."

Anaimirira, n'kugwedeza makiyi. "Ukamatuluka uzimitse magetsi. Kwanu mumadziwa zimenezo."

* * *

Ndinafika kunyumba 6 koloko madzulo. Bambo anali pabalaza akupukuta magalasi awo. Amayi ankasita dasikoti ya Bambo patebulo lodyera, ya mawa lake.

"Bambo, lipoti lanu likuti munaona."

"Kuno n'kunyumba. Zantchito kuntchito."

"Munatuluka 3:20. Munabwerera 3:50."

Amayi anaimika simbi.

"Wayamba kundiwerengera mphindi m'nyumba mwanga?" anatero Bambo.

"Ndinayeza ndine, Bambo."

Anavala magalasi pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera kukuwa. Sanakuwe.

"Ndikudziwa," anatero.

"Mukudziwa?"

"Mnyamata uja ndi wamwano, ndi wakugalaja, amayankha asanafunsidwe. Koma sangayeze chitsulo chotentha. Manja ake ndawaona zaka zisanu. Zopusa zoterozo amachita ndi anthu a m'mabuku."

"Ndiye mwalemberanji dzina lake?"

"Khala pansi."

Sindinakhale.

"Zaka 26 ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni kugwira tupa. Amabwera osadziwa kusiyanitsa bawuti ndi nati. Pakapita zaka zinayi amavala mikanjo, makolo awo atakhala kutsogolo, ine ndili kumbuyo ndi makiyi kudikira kuti nditseke holo. Akandipeza panjira amati, madala, mukadali pompano? Chaka chino ndikufuna ndikhale kutsogolo. Chaka chino, osati chamawa."

"Ine ndingobwereza, Bambo. Iye achotsedwa."

"Iye ali ndi galaja yobwererako. Ndikufunse. Usanayambe kuyenda naye unalakwitsapo muyezo? Zaka zitatu zathunthu, ngakhale kamodzi?"

"Ayi."

"Ndiye wolakwa ndani? Ine sindinaname. Ndangolemba chimene chinayambitsa."

"Bambo ake," anatero Amayi, "mwanayu akunena zomveka."

"Mayi ake, malayawo apsa."

Bambo anatenga pepala m'chikwama chawo n'kuliika patebulo. Linali lotayipa, mzere umodzi wokha: ndikugwirizana ndi lipoti la mkulu wa amisiri. Pansi pake panali malo a siginecha yanga.

"Saina."

"Ndisaina mawa."

"Mawa ndi lero zikusiyana pati?"

"Ndikufuna ndiliwerenge bwino."

"Mzere umodzi?"

"Munandiphunzitsa kuyeza katatu."

Bambo anatuluka panja. Amayi anapinda dasikoti n'kuyandikira.

"Mwanawe, ukanena mawa sukudziulula wekha. Bambo ako asaina kale. Atsala ndi zaka zinayi kuti apume pantchito."

"Ndiye ndiname, Amayi?"

"Sindinati uname. Munthu amatha kungokhala chete."

"Ndinayesa dzulo. Sizikukoma."

"Nanga ukuganiza kuti ine zimandikomera?" anatero, n'kunyamula simbi kupita nayo kukhitchini.

* * *

Nthawi ili 7:30 ndinamulembera Wamanzere: "Bambo akudziwa kuti si iwe. Anena okha."

Anayankha patapita mphindi khumi: "Zabwino. Andipatsa satifiketi yake?"

"Ndikunena zenizeni."

"Nanenso. Ndalongedza kale mabuku. Amalume akuti malo alipo."

"Usalongedze."

"Wayambanso kulamula. Ulendo watha uja unalamula zinatha bwanji?"

Ndinalemba mayankho atatu, onse ndinafufuta. Wachinayi ndinatumiza: "Uli kuti?"

"Kuchipinda."

"Cha ndani?"

Uthengawo anauwerenga 7:52. Sanayankhe.

Ndinatenga pepala loyera n'kulemba ndi dzanja zimene zinachitika Lachiwiri, mphindi ndi mphindi, kuyambira 2 koloko mpaka 3:50. Za kalikuleta sindinalembemo. Ndinasaina, n'kulipinda pamodzi ndi la Bambo lija.

* * *

Lachisanu pa 14 Juni, 10 koloko, komiti inakhala mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti yathu, mayi amene tonse timangoti a Pulofesa. Anali ndi aphunzitsi ena awiri. Shafiti inali patebulo, pa nyuzipepala yakale. Bambo anakhala chakukhoma atavala dasikoti yosita ija. Wamanzere anakhala kumanzere kwanga, mpando umodzi wopanda munthu uli pakati pathu.

A Pulofesa anawerenga lipoti la Bambo mokweza, kenako anayang'ana Wamanzere pamwamba pa magalasi.

"Uli ndi chotsutsa?"

"Ndilibe, mayi."

"Ukudziwa kuti unabwereza kale, ndipo ukudziwa tanthauzo lake?"

"Ndikudziwa."

Anatembenukira kwa ine. "A mkulu akuti uli ndi pepala lako."

Ndinatulutsa mapepala awiri aja. Lotayipa ndinalibweza m'thumba. Lolemba pamanja ndinalipereka.

A Pulofesa anawerenga chamumtima mpaka pakati, n'kuyambiranso mokweza. Atafika pa 3:20, Bambo anaimirira.

"Mwanayu wasokonezedwa mutu, mayi. Mnyamatayu wamu..."

"Khalani pansi, a mkulu."

Anawerenga mpaka kumapeto, n'kuika mapepala awiriwo moyandikana.

"Iwe," anatero kwa Wamanzere, "anayeza ndani?"

"Ndine, mayi."

"Wabodza!" ndinatero.

"Wabodza ndiwe. Ndinayeza ndine, ndinapala ndine."

"Maikuromita unaigwira ndi dzanja liti, poti lamanzere linali pa makina ndipo lamanja ndi lokongoletsera?"

Mphunzitsi wa masamu a zitsulo anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka khumi ndili m'komiti ino," anatero, "sindinaonepo anthu akulimbirana mlandu."

A Pulofesa sanaseke. "A mkulu, Lachiwiri nthawi ili 3:35 munali kuti?"

"Mu wekishopu."

"Mukutsimikiza?"

Bambo anayang'ana khoma la kutsogolo kwawo. "Zimene ndalemba ndalemba."

"Chabwino. Zapakamwa za mnyamatayu sindizilemba, chifukwa ndikuona kuti akutchinjiriza munthu, kungoti sindikudziwa kuti ndani. Ndikuyang'ana zosainidwa. Ndili ndi mapepala awiri otsutsana, ndiye limodzi ndi labodza. Kulakwitsa muyezo ndi kubwereza chaka. Kunamiza komiti ndi kuchoka pa koleji pano, kaya ndi wophunzira, kaya ndi wantchito."

Anatsegula buku la wekishopu, limene limaonetsa amene anali pa makina ati tsiku lililonse, n'kutsetsereka ndi chala.

"Ophunzira awiri inu munali pa makina achinayi. Pa achisanu panali mtsogoleri wa kalasi. Timuitana Lolemba pa 17 Juni, 9 koloko. Zimene anene ndizo zithetse nkhaniyi. Shafitiyi itsale kuno."

Zinali zomveka kwa tonse. Kapitawo akanena zoona, Wamanzere amaliza, ine ndibwereza, Bambo ntchito yatha. Akagwirizana ndi Bambo, Wamanzere achotsedwa chifukwa cha shafiti, ine ndichotsedwa chifukwa cha bodza.

* * *

Bambo anayamba kutuluka. M'khonde anaima pafupi nane, osandiyang'ana kumaso.

"Amayi ako akulongedzera zovala," anatero chapansipansi. "Ukagone kwa azakhali ako. M'nyumba mwanga simugona mboni."

Anapita cha ku wekishopu, makiyi akulira m'thumba.

Wamanzere anatuluka pambuyo pawo.

"Ndinakuuza chiyani?" anatero. "Lachitatu womira ndinali ndekha. Lero tili atatu. Ndiwo masamu ako osavuta aja?"

"Ndimafuna kuti umalize."

"Unandifunsa?"

"Ndinakufunsa. Unakana."

"Ndiye kukana kwanga kunali kwa ntchito yanji?"

Sanadikire yankho. Anatsika masitepe awiriawiri.

Nditacheuka ndinaona Kapitawo atatsamira bolodi la zidziwitso, buku lake lili kukhwapa. Mlembi wa dipatimenti anali atamuitana kale kuti adzasainire kalata yomuitanira ku komiti.

"Mwana wa bwana," anatero, "kapena ndiziti mwana wa azakhali?"

"Ukanena zimene unaona."

"Ndinaona zambiri tsiku lija. Zina ndayamba kuiwala. Phokoso la makina limasokoneza mutu."

"Ukanama amuchotsa. Iwe sukufuna zimenezo."

"Sindikufuna. Koma digiri yake ndipindula nayo chiyani ine, ngati pachithunzi cha mkanjo pambali pake padzaima iwe?"

Anayandikira mpaka ndinamva fungo la sopo wa dasikoti yake.

"Tamvera bwino, chifukwa sindibwereza. Umusiye. Osati kukangana kwanu kwa masiku awiri kuja, koma kumusiya kwenikweni, ndi mawu oti sangabwererenso. Ukatero, Lolemba ndikumbukira zonse, mphindi ndi mphindi, ndipo mnyamata uja avala mkanjo. Ukapanda kutero, ndinaona zimene a Zimitsa anaona, ndipo nonse awiri mukatsegule galaja."

"Nanga bambo anga?"

"Bambo ako unawagulitsa wekha 10 koloko. Usandisenzetse."

Ndinafuna kumumenya mbama. Ndinaika manja onse awiri m'matumba, ndipo dzanja lamanja linakhudza pepala losasaina lija.

"Mpaka liti?" ndinafunsa.

"Lamlungu, 12 koloko masana. Ndipo ndimve kwa iye kuti wamusiya, osati kwa iwe. Iwe zoyeza zako sindizikhulupirira."

Anagogoda pachitseko cha mlembi, n'kulowa kukasaina.